Diresi la pa Foni

Lachinayi masana, aphunzitsi ena aakazi anaima pakati pa shopu ya atelala, dzanja lina atagwira diresi, lina atagwira foni. Anayang'ana foni, n'kuyang'ana diresi, n'kuyang'ananso foni.

"Mayi, mundiuze zoona. Diresi ili ndi la pachithunzili, n'zofanana?"

Atelala anachotsa phazi pa makina osokera. Anali mayi amene anasoka m'kashopu kameneka zaka khumi ndi zinayi, ndipo sanazolowere kufunsidwa funso lotere. 

"Pa tsamba lanu la pa intaneti munalemba kuti, 'Zosoka manja athu.' Maluwa a pachifuwa apa ndi opeta ndi ulusi. Inu mwangodula tinsalu n'kusokerera pamwamba. Loweruka ndikukalandira digiri yanga pamaso pa anthu. Ndikavala chiyani?"

Aphunzitsiwo sanadikire yankho. Anaponya diresi patebulo lodulira nsalu, n'kutuluka.

Amene anatsegula tsambalo sanali atelala. Anali amuna awo, amene ankanyamula anthu pa njinga yamoto. Anzawo ankawatchula kuti a Changu, chifukwa chilichonse ankafuna chitheke dzulo. Akamadikira okwera pansi pa mtengo, ankakhalira kutokosa foni. Ataona kuti ntchito ya akazi awo yayamba kuchepa, anatsegula tsamba, n'kudzazamo zithunzi za madiresi okongola zimene anatola pa intaneti. Aphunzitsi aja atatumiza uthenga wofunsa za diresi la maluwa, a Changu anayankha okha kuti, "Zazing'ono zimenezo, tumizani nsalu ndi miyezo." Atelala ataona chithunzicho anadandaula kuti alibe makina opetera maluwa, koma amuna awo anati, "Ingosokani chofananirako, sakazindikira."

Dzuwa litapendeka, a Changu anafika pashopu nkhope ili gwa. Aphunzitsi anali atalemba kale ndemanga pansi pa chithunzi chija: "Chenjerani, zimene mukuona apa si zimene mukalandire." Anthu ambiri anali atawerenga, ndipo mayi wina amene analonjeza kubweretsa nsalu za mayunifomu anatumiza uthenga woti wasintha maganizo.

"Ndifufuta ndemangayi," anatero a Changu. "Ndipo mphunzitsi ameneyu ndimutsekera, asalembenso."

"Mufufutanso manyazi amene ndaona lero?" anafunsa akazi awo. "Zaka zonsezi palibe anandinenapo kuti ndine wabodza. Mwandivula, bambo a mwana."

"Ine ndimafuna kukuthandizani! Mashopu aakulu a m'tauni amachita chiyani? Si zomwezi?"

Ali mkati mokangana, pakhomo panamveka odi. Anali aneba awo, mayi wachikulire amene ankagwira ntchito ku ofesi yoteteza ufulu wa ogula. Anabwera kudzatenga siketi yawo imene anasiya kuti aikemo zipi.

"Mawu anu akumveka mpaka kwa wometa uko," anatero akuseka. "Kwagwanji, anthu okondana inu?"

Atelala anafotokoza zonse, osabisa kanthu. Anebawo anakhala pa benchi, navala magalasi, napempha foni ya a Changu. Anayendetsa chala pang'onopang'ono, chithunzi ndi chithunzi.

"Mwa madiresi onsewa, amene anasokedwa m'nyumba muno ndi angati?"

A Changu anakanda m'mutu. "Kunena zoona, palibe. Koma aneba, tandimverani nanenso. Mashopu aakulu amalipira kuti malonda awo azionekera pa foni ya aliyense. Ali ndi makamera, ali ndi atsikana ovala zovala zawo, intaneti yawo sithima. Ife bandulo ya intaneti ikatha, basi, shopu yasowa pa dziko. Mpikisano wake uti umenewo? Munthu wapansi akanena zoona zokhazokha, adya chiyani?"

"Pamenepo simunaname," anayankha anebawo. "Bwaloli si losalala, ena akuthamanga atavala nsapato, ena alibe nsapato. Ifenso ku ofesi timaziona. Koma tandiuzani, amene mwamupweteka lero ndi mwini shopu yaikulu?"

Anebawo anadziyankha okha:

"Mwapweteka mphunzitsi amene anasunga kandalama kake kuti tsiku limodzi aoneke bwino. Mwapweteka akazi anu. Ndipo diresi la pachithunzili analisoka telala wina kwinakwake, amene anapindika msana ngati mayiwa. Mwatenga thukuta lake n'kulembapo dzina lanu. Komanso dziwani kuti kutsatsa malonda monyenga malamulo amaletsa, kaya ndi pa chikwangwani, pa wailesi, kapena pa foni. Aphunzitsiwa akabwera kudzadandaula kwathu, tidzakuitanani. Shopu yaikulu ikachita zomwezi, nayonso timaiitana. Mukaona ikunamiza anthu, dzatiuzeni, musamaitsanzire."

"Nanga tsopano titani?" anafunsa atelala. "Dzina langa laipa kale."

"Dzina silifa tsiku limodzi, mayi. Choyamba, ndemanga ija musafufute. Mukafufuta, anthu aziti muli ndi zambiri zobisa. Yankhani pomwepo, poyera, kuti munalakwa. Zithunzi za eni akezi zichoke lero. Kenako muikepo ntchito yanu yeniyeni."

"Ndi kafoni aka?" anadandaula a Changu. "Zithunzi zake zimachita ngati kuli nkhungu."

Anebawo anatenga kachidutswa ka nsalu pansi, n'kupukuta kagalasi ka kamera, kamene kanali mbuu ndi fumbi la mumsewu. Anaimirira, n'kuchotsa pa msomali jekete la sukulu limene atelala anamaliza dzulo lake. Analipachika pa khoma loyera la pakhonde, pamene dzuwa linkawala mofatsa, n'kujambula. Chithunzicho chinatuluka bwino moti mzere uliwonse wa ulusi unkaoneka, woongoka ngati wolemba ndi rula.

"Taonani kolala iyi," anatero. "Ine ndayenda m'mashopu ambiri, makolala otere ndi osowa. Mumabisiranji zimenezi n'kumaonetsa za ena? Muzilemba zimene mumatha, ndipo zimene simutha muzinenanso. Mukafuna kujambula kasitomala atavala, muyambe mwamupempha. Akakana, ndi ufulu wake."

Atelala anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali. Aka kanali koyamba kuona ntchito ya manja awo pa foni.

M'mawa wa Lachisanu, banjali linakwera njinga yamoto kupita kusukulu kumene aphunzitsi aja ankagwira ntchito. Anawapeza pa nthawi yopuma, atakhala pakhonde la kalasi akuchonga makope. Atawaona, aphunzitsi sanamwetulire.

A Changu anavula chisoti cha njinga, n'kuchigwira ndi manja awiri. "Aphunzitsi, wolakwa ndine. Chithunzi chija ndinachitola pa intaneti. Akazi angawa anandiuza kuti maluwa aja sangathe, ine ndinawakakamiza. Ndalembanso zomwezi pa tsamba kuti aliyense aone. Mutikhululukire."

Aphunzitsi anatsegula foni yawo, nawerenga, nawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Ana anga akakopera mayeso ndimawauza kuti alembenso. Inuyo mulembanso bwanji, mwambo uli mawa?"

"Maluwa opeta sinditha, ndipo sindikunamizaninso," anatero atelala. "Koma kupinda nsalu timizeretimizere pachifuwa ndimatha, ndipo nsalu yanu inatsalako yokwanira. Mukandilola, ndichotsa tinsalu tija, ndisoke chifuwa chatsopano. Mukaweruka mudzayese. Likapanda kukusangalatsani, ndikugulirani nsalu ina."

Aphunzitsi anaganiza kaye. "Ndifika ikamakwana folo koloko. Koma ndikadzapeza zachibwana, ndidzalembanso, ndipo ulendo uno ndidzalemba ndime zitatu."

Tsiku limenelo atelala sanalandire ntchito ina. Anasomola, nadula, napinda, nasita mzere uliwonse asanausoke. A Changu anasiya okwera, n'kumathamangira ulusi ndi mabatani. Aphunzitsi atafika, analowa kuseri kwa katani, navala, natuluka n'kuima pa galasi. Anatembenukira uku, natembenukira uko, nagwira m'chiuno.

"Mayi inu," anatero potsiriza, "bwanji simunandionetse zimenezi poyamba? Ili laposa la pa foni lija."

Lolemba lake anatumiza chithunzi chawo atavala diresilo, digiri ili m'manja, ndi uthenga wakuti: "Ikani pa tsamba lanu, koma mudule mutu, ana a sukulu angamandiseke." Pansi pa ndemanga yawo yoyamba analembanso kuti, "Anavomera kulakwa, anakonza, ndipo ndakhutira."

Nkhani ya bandulo inali ikadalipo. Anebawo anawalangiza kuti asalimbane nayo okha, poti mutu umodzi susenza denga. A Changu anayenda khomo ndi khomo mumzere wonse wa mashopu: kwa wometa, kwa wosoka nsapato, kwa mayi wogulitsa makatani, kwa wokonza mafoni. Wosoka nsapato anayamba wakana.

"Ine makasitomala anga amabwera ndi miyendo, osati ndi intaneti," anatero.

"Miyendoyo imafuna kudziwa kolowera, achimwene," anayankha a Changu.

Mapeto ake onse anagwirizana. Anasonkherana n'kugula kachipangizo kamodzi ka intaneti, n'kukaika kwa wokonza mafoni, pakati pa mzerewo, kuti aliyense azilumikiza ali pa shopu yake. Anapanganso lamulo lawo: pa tsamba la aliyense pazikhala katundu amene alipodi, mtengo wake weniweni, ndi zithunzi zojambula okha. Anebawo anawathandiza kulemba kalata ku bungwe loyang'anira makampani a mafoni, yodandaula za kukwera mtengo kwa intaneti ndi kufooka kwa netiweki m'dera lawo. Amalonda a m'mizere ina atamva, anabwera kudzasainira nawo. Yankho linachedwa, koma linabwera, ndipo anaitanidwa kumsonkhano kukanena okha mavuto awo.

Patatha miyezi itatu, mayi wa mayunifomu uja anabwera ndi nsalu zake. Aphunzitsi anzawo a mayi wa digiri anayamba kufika awiriawiri, aliyense akufuna timizere ta pachifuwa. Ntchito inachuluka moti atelala analemba mayi wina woti aziwathandiza kusita ndi kusoka mabatani. Wosoka nsapato, yemwe ankakana uja, ndiye anasanduka wovuta: tsiku lililonse ankaitana a Changu kuti adzamujambulire nsapato zatsopano.

Mashopu aakulu akadali ndi makamera awo, ndipo malonda awo akuonekerabe pa foni ya aliyense. Koma anthu a m'deralo tsopano akudziwa kuti chimene aona pa tsamba la atelala n'chimene akachipeze pa shopu, ndipo amauzana okha.

Phunziro lake ndi ili: intaneti ndi msika ngati msika wina uliwonse. Tsatsani zimene muli nazo ndi zimene mumatha, musatenge zithunzi za eni ake, ndipo musajambule munthu osamupempha. Mukalakwa, vomerani poyera ndi kukonza. Ogula ali ndi ufulu wouzidwa zoona ndi wokadandaula akanamizidwa. Ndipo ngati intaneti ikukulemerani panokha, gwiranani manja ndi anzanu, mugawane mtolowo, ndi kukalankhula ndi mawu amodzi kwa oyenera kumva.