Nambala pa Nthiti za Hatchi

Achimwene anga a Merv anali munthu wosamva za anzake, ndipo ndikunena izi ndikuwakonda. Foni m'nyumba mwawo inali imodzi yokha, ya akazi awo a Noelene. A Merv ankati safuna kachinthu kowalirira m'thumba.

M'mawa wa tsikulo foniyo inalira. Uthenga wa boma unati moto wolusa wadumpha msewu wa kumapiri, onse a m'chigwa chathu achoke. Ine ndinali nditafika kale ndi galimoto kudzawatenga. Mphepo inali ngati ya mu uvuni, masamba a bulugamu akugwera pabwalo atada kale.

"Tiyeni, achimwene," ndinatero.

"Tsogolani. Ndilembe kaye mahatchi."

Kwathu kuno moto ukayandikira, ngolo yonyamulira ziweto palibe, timalemba nambala ya foni ndi penti pa nthiti za hatchi iliyonse, kenako n'kudula mpanda kuti zithawe zokha. Woitola amaimba foni pa nambalayo. A Merv anali ndi mahatchi asanu.

A Noelene anawapatsira foni. "Ndiye tsalani nayo, kuti zikasintha mumve."

"Iwe, nambala ndikulembayi ndi yomweyi. Anthu akamaimba, ine manja ali pa chiwongolero, ayankhe ndani? Pita nayo. Ine mphuno ndili nayo, utsi ndimaumva."

"Mphuno yake iti? Buledi amapserera muli pompo."

A Merv anaseka, n'kutembenuka ndi chitini chawo cha penti yoyera. Ine ndinapsa mtima, koma ndinaliza galimoto n'kunyamuka ndi a Noelene.

Othawa moto tonse anatisonkhanitsa pa bwalo la mpira la m'tauni. Pofika masana kunja kunafiira, kenako kunada, magetsi a m'misewu n'kuyaka okha. Ndiye mafoni onse pabwalopo analira pamodzi. Mphepo inali itatembenuka. Uthengawo unati kwa a m'chigwa nthawi yothawa yatha, amene watsala asalowe mu msewu, abisale m'nyumba.

Uthenga umenewo unali wa a Merv, koma unali m'manja mwa a Noelene, kutali ndi mwini wake. Tinathamangira kwa apolisi amene anatseka msewu. Anatimvetsera bwinobwino, analemba dzina, koma sanatilole kudutsa.

Cha kumadzulo foni inayamba kuitana. Woyamba anali mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje.

"Ndatola hatchi yofiirira, ili ndi nambala yanu."

"Zikomo, mayi. Munthu simunamuoneko? Wamtali, wa chipewa."

"Ayi, yabwera yokha."

Wachiwiri anali wozimitsa moto amene anatola ina, yankho lake lomwelo. A Noelene ankathokoza mwaulemu, n'kuwauza kuti asaipatse madzi ambiri nthawi imodzi. Ine mahatchiwo ndinadana nawo. Iliyonse yopezeka yamoyo inkandiwawa ngati yandibera.

"Mlamu, musade nkhawa," a Noelene anandiuza. "Ngati zikutuluka ndiye kuti mpanda anadula. Ali pena pake, akusowa poimbira."

Sindinawatsutse, chifukwa nanenso ndinkafuna zikhale choncho.

Kutacha anaimba mlimi wina wa kumunsi kwa chigwa. A Noelene anakweza mawu a foni kuti ndimve nawo.

"Mayi, m'dziwe langa mwalowa mahatchi awiri. Yakudayi nambala ili yonse, ndi imene ndaimbira. Koma yotuwayi yangolembedwa poyambira pokha, kenako penti yangoyenda mzere mpaka kumchira."

"Miyendo ili bwanji?"

"Miyendo ilibe vuto. Koma chingwe chikadali kumutu, chasungunukira pakhungu. Mpanda ziyenera kuti zinachita kuthyola, zifuwa zonse zachekeka ndi waya."

Aliyense woweta amadziwa kuti hatchi suithawitsa moto ili ndi chingwe, ndipo a Merv, ndi kusamva kwawo konse, zimenezo sakanachita.

"Ipatseni madzi pang'onopang'ono, bambo," anatero a Noelene. "Chabwino. Zikomo."

Anadula foni. Ine ndinangolankhula zopusa.

"Zapezeka zinayi. Yatsala imodzi, mwina woitolayo adzakhala atawaona."

"Imeneyo palibe adzaimbe, mlamu," anatero a Noelene. "Sanafike poilemba."

Anazimitsa foni, n'kuiika pansi pa udzu.