Getsi Lomwe Linathamangitsa Kadzidzi

Tulo tinali titamuthawa Dolesi Nangozo. Akangoti agone, makoswe ankayamba phwando lawo m'nkhokwe mpaka mbandakucha. Chimanga chomwe ankadalira kuti chifikitsa ana ake ku zokolola zina chinkasanduka gaga iye akuona.

Mavutowa anawaitana yekha, ngakhale sankadziwa. Mwana wake wamng'ono atadwala malungo, kadzidzi ankalira pa mkuyu wa kuseri kwa nyumba. Anthu a m'mudzimo, omwe sasowa chonena, anati mbalameyo ikuitana maliro. Dolesi anagwidwa ndi mantha. Anatenga getsi lalikulu la sola limene mchimwene wake anatumiza kuchokera ku Joni, nalimangirira pamtengo wautali pafupi ndi nkhokwe. Linkawala usiku wonse, moti ukanatha kutola singano pabwalo. Kadzidzi anasamuka. Mwanayo anachira ndi mankhwala a kuchipatala, koma ulemu wonse unapita kwa getsi. Ziphaniphani zinasowa, ngumbi zinkangofera pansi pa getsilo, atambala nawo anasokonezeka n'kumalira pakati pa usiku. Koma makoswe, m'kati mwa nkhokwe momwe kuwala sikunkafika, ananenepa.

Usiku wina tulo tinamuba ndithu. Analota ali pabwalo, mapazi ali pa mame ozizira. Anamva fungo la fodya wa labu ndi la nsungwi zaziwisi. Pomwe kuwala kunkathera panaima agogo ake aamuna, a Mkwezalamba, mmisiri woluka nkhokwe amene anamwalira iye akadali mtsikana. Anavala chikhothi chawo chong'ambika paphewa, dzanja ataphimba kumaso. Kunali zii, ngakhale nkhululu sinkalira.

"Agogo, fikani pafupi," anatero Dolesi.

"Ndifika bwanji, mdzukulu wanga? Maso akundiwawa. Wapha usiku pakhomo pano."

"Ndinkaopa kadzidzi, agogo. Ankafuna kunditengera mwana."

"Mkuyu uwo ndinausiya dala podula mitengo ina," anayankha agogowo, mawu ali pansipansi. "Kadzidzi sadya ana, amadya makoswe. Wathamangitsa mlonda, akuba wawasiya." Kenaka anakweza nkhope kumwamba, komwe kunali mbuu ngati phulusa. "Nanga nthanda ili kuti? Ife tinkadzukira imeneyo. Bweza mdima, Dolesi. Usiku uli ndi eni ake."

Anatembenuka, mdima n'kuwameza.

Dolesi anadzidzimuka thukuta lili chuchuchu, ndipo sanagonenso. Kutacha anabwereka makwerero n'kuyamba kumasula waya womangira getsi lija. A Nasimelo, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, anaima pampanda, manja ali m'chiuno.

"Anzathu, mutu ukukoka? Chimbalame chija chikabwerera musadzatidzutse ndi maliro!"

"Maliro omwe akubwera pano ndi a njala, amayi," anayankha Dolesi ali pamwamba. "Pisani dzanja m'nkhokwemo muone."

A Nasimelo anapisa, n'kutulutsa gaga wosakanikira ndi ndowe za makoswe. Anapukuta dzanja pachitenje, nachoka akung'ung'udza.

Getsilo Dolesi analipachika m'nyumba kuti ana aziwerengera, ndipo pogona ankalizimitsa. Masiku anapita makoswe akudyabe, anthu akumuseka pachitsime. Zinkamupweteka, koma anali wamakani, sanagonje.

Kenaka usiku wina, nyenyezi zili waa kumwamba, kulira kwa kadzidzi kuja kunamveka pa mkuyu. Dolesi anadzuka. Anakhudza chipumi cha mwana wamng'ono uja, napeza kuti thupi silikutentha. Komabe dzanja lake linapita lokha pa swichi ya getsi lija. Analibweza dzanjalo, n'kulikhalira.

Panja panamveka khoswe akuti "tswii!" kamodzi kokha. M'nkhokwe munati zii.

"Idyani, alonda," ananong'ona Dolesi. "Alipo ambiri."