Khadi Lakuda la Velaphi

Pa shelefu m'shopu ya Anti Annelize ku Pinetown, kuno ku South Africa, pali chikho cha mpikisano wathu wa makhadi, aja a zinjoka ndi afiti amene timagula m'timapaketi ngati ana a sukulu ngakhale ambirife tayamba imvi. Pachikhopo pazokotedwa maina a akatswiri a zaka khumi ndi chimodzi. Mwa akatswiri onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene anasewerapo fainolo.

Musatiyese akamberembere, ife malamulo timawatsata kuposa a kukhoti. Lamulo limati anthu anayi otsala kumapeto akhoza kugawana ndalama za mphoto mofanana, bola onse avomere. Limatinso munthu akhoza kugonja dala nthawi iliyonse, osafunsidwa chifukwa. Chimene limaletsa n'kugula kugonjako. Ukangonena kuti "ndigonjere ndikupatse zakuti," akuthamangitsa mumpikisano pomwepo. Ndiye ife sitinena. Timagawana marandi, kenako timayang'anana kuti ndani akufunitsitsa malo a ku mpikisano waukulu wa ku Cape Town, poti malowo ndi amodzi ndipo sagawika, enafe n'kumugonjera mwaulemu. Ikamakwana folo koloko timakhala tili kwa amwenye a pakona, kudya bani chawu, buledi wobowola wodzaza ndiwo za tsabola, uku tikudzitama momwe tikanapambanira.

Wofunitsitsa malowo nthawi zambiri amakhala Kreesan, mnzanga wa zaka zisanu ndi zinayi, amene amanditenga pa galimoto yake Loweruka lililonse. Ine, Velaphi, wokonza zikepe za m'nyumba zosanja, ndinali nditamugonjera kanayi mu fainolo osagwira n'khadi lomwe. Sabata yotsatira ndinkapeza bokosi la makhadi atsopano m'chikwama changa cha masipanala. Kreesan sankadziwapo kanthu, inenso ayi. Kapena ku Pinetown kuli angelo osewera makhadi.

Chinasokoneza mtendere wonsewu ndi funso la mkazi wanga. Akusita yunifolomu yanga anangofunsa mopanda cholinga ngati Kreesanyo amandiposadi. Ndinatsegula pakamwa n'kupeza kuti sindikudziwa. Lachitatu tikamasewera zocheza ndimamugonjetsa ndithu, koma iye amati amangoyesa makhadi atsopano. Pa masewero enieni, oti wina alire, tinali tisanakumanepo. Funsolo linandivutitsa milungu itatu, ndipo ndinkachita manyazi ndikaliganizira.

Loweruka la mpikisano tinatsala anayi: ine, Kreesan, Dewald wogulitsa inshuwalansi, ndi mayi wina wachilendo dzina lake Phindile, namwino amene anabwera pa minibasi kuchokera ku Pietermaritzburg. Anti Annelize, omwe ndi eni shopu komanso woweruza wathu, anatipatsa aliyense makhadi wamba awiri, lofiira ndi lakuda. Umu ndi momwe timavotera kuti pasakhale wokakamizidwa: lofiira ndiye kuti tigawane, lakuda ndiye kuti tisewere. Aliyense amakankha limodzi chozondotsa, linalo n'kuponya m'bokosi. Lakuda limodzi lokha likwanira kugwetsa zonse.

Chiyambireni makhadi akudawo anali asanagwirepo ntchito, moti anali adakali onyezimira. Ine ndinakankha langa lakudalo.

Anti anasakaniza n'kuyamba kutembenuza. Lofiira, lofiira, lofiira. Dewald anali atanyamula kale makiyi a galimoto. Khadi lachinayi litatembenuka, linali lakuda.

Maso onse anapita kwa Phindile, poti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Dewald anayamba kulankhula ndi denga kuti anthu ena amalowa m'nyumba za eni ake osapukuta mapazi, kuti kuno ndife banja, ndipo banja silidyerana masuku pamutu. Phindile anayankha modekha kuti iye waponya lofiira chifukwa usiku ali pa ntchito ndipo akufuna minibasi ya folo. Palibe anamukhulupirira. Inenso, ngwazi ya choonadi, ndinapukusa mutu limodzi ndi anzanga, n'kutsonya pang'ono kuti zioneke bwino. Mpaka lero ndikakumbukira kutsonya kumeneko ndimadzida.

Kreesan yekha sanayang'ane Phindile. Ankangokonza makhadi ake m'kabokosi.

Polimbirana zolowa mu fainolo ndinakumana ndi Dewald, ndipo ndinamupwetekadi. Munthu amene wazolowera kugawana amaiwala kuti makhadi ali ndi mano. Anagonja kawiri motsatizana n'kunena kuti dala anafuna kundithandiza. Pa tebulo linalo Phindile anamutulutsa thukuta Kreesan mpaka masewero achitatu, koma Phindileyo anagonja. Minibasi ya folo inali itamusiya kale, ndiye anakoka mpando n'kunena kuti popeza amupachika chifukwa cha fainolo imeneyi, ayionere ndithu.

Tinakhala moyang'anizana, ine ndi Kreesan. Pamwambo wathu apa ndi pamene ine ndimatambasula dzanja, iye n'kudabwa kwambiri ngati sanayembekezere, Anti n'kulemba dzina lake. Anthu onse m'shopumo ankadikira dzanja limenelo. Ine ndinatulutsa makhadi anga n'kuyamba kusakaniza. Ndinasakaniza nthawi yaitali kuposa momwe zimafunikira, kenako ndinawakankhira kwa iye.

"Dula, aise," ndinatero.

Anayang'ana makhadiwo, kenako ine. Anadula bwinobwino, nanenso ndinadula ake. Aliyense anatola asanu ndi awiri oyambira n'kuwasiya chozondotsa. Ndinali wokondwa, kukondwa kwenikweni kumene ndinali nditaiwala kuti makhadi amapereka.

"Ukamanama umapumira pakamwa," anatero Kreesan motsitsa mawu, koma osati motsitsa kwambiri moti Phindile asamve. "Zaka naini ndakhala ndikukuyang'ana pa tebulo, Velaphi. Wapumira pakamwa kuyambira pamene Anti anatipatsa makhadi ovotera."

Ndinamuuza kuti voti ndi yachinsinsi. Anavomera kuti ndi yachinsinsidi, n'chifukwa chake iye sanauze munthu. Kenako anafunsa ngati mabokosi aja anali ochepa. Anti Annelize anakhosomola mwamphamvu n'kutikumbutsa kuti ali ndi makutu, ndipo nkhani ya mabokosi sakuidziwa komanso sakufuna kuidziwa. Ndinati sindikufuna bokosi, sindikufunanso Cape Town, ndikungofuna tisewere kamodzi kokha zenizeni kuti ndidziwe.

"Udziwe chiyani?"

"Ngati ndingakugonjetse."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamvetsa, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti mnzanga wandimvera chisoni. Anatola makhadi ake asanu ndi awiri aja osawayang'ana, n'kuwabwezera pa mulu. Kenako anatambasula dzanja.

"Anti, lembani. Ndagonja."

Ndinalumpha n'kunena kuti sizingatheke, sitinayambe n'komwe. Ndinapempha Anti kuti amukakamize. Anti anavala magalasi awo, ngakhale lamulolo amalidziwa pamtima, n'kundiwerengera kuti wosewera akhoza kugonja nthawi iliyonse, pa chifukwa chilichonse. Anafunsa Kreesan ngati ndamulonjeza kanthu. Kreesan anati palibe, ndipo kwa nthawi yoyamba m'shopu imeneyo yankho limeneli linali loona.

Dewald anaomba m'manja yekha, kawiri, n'kusiya. Kreesan anatseka kabokosi kake, n'kundiuza kuti ku Cape Town kumawomba mphepo, ndisaiwale juzi. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Lachitatu usavutike kubwera ndi makhadi ako. Ine ndi iwe sitidzaseweranso, ngakhale zocheza. Uzikauza mlamu kuti unapambana."

Ndinamva galimoto yake ikutuluka. Munthuyo anataya malo amene ankawasakasaka chaka chonse, n'cholinga choti ine ndidzafe ndisakudziwa. Ndinkafuna kukhulupirira kuti wachita mantha, koma ngakhale zimenezo sindingazitsimikize, ndipo iye ankadziwa kuti sindingathe.

Phindile ananyamula chikwama chake n'kuima pafupi ndi tebulo langa. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula n'kufunsa ngati sinditembenuza makhadi anga kuti tione chimene anamutukwanira. Ndinawatembenuza. Sanali abwino, sanalinso oipa. Anali aja oti ukhoza kupambana nawo, ukhozanso kugonja nawo, kutengera ndi amene wakhala mbali inayo. Phindile anawayang'ana, n'kutsonya mofanana ndendende ndi momwe ndinatsonyera ine, n'kutuluka kukasaka minibasi.

Dzina langa analizokota sabata yotsatira. Lili pansi penipeni pa chikhocho, la nambala khumi ndi ziwiri, ndipo zilembo zake n'zofanana ndi za anzanga onse.