Khadi la a Esau

Rodwell Kachingwe ankaphika majakisoni m'kapoto pamene anamva phokoso pakhonde la kachipatala ka ku Chisenga. Atasuzumira anaona a Lucius, wapampando wa chipani m'deralo, atagwira a Esau pamkono. Pambuyo pawo pankabwera a Bessie, mayi a kunyumba kwa a Esau, maso ali psuu.

"Monire, adokotala," anatero a Lucius. Rodwell anali wothandizira chabe, koma ku Chisenga aliyense wovala zoyera ankakwezedwa udindo popanda kalata. "Adada awa ayatsira kaliwo wawo khadi la chipani, pamsika, anthu akuona. Muwapime, mulembe kuti ali bwino. Galimoto la ku Boma likubwera mawa."

A Esau, mmisiri wa matabwa amene theka la mudziwo linkagonera mabedi ake, ankangomwetulira ngati awaitanira ku ukwati.

Rodwell anachita mantha, osati pang'ono. Okwera galimoto limenelo sankabwerako msanga, ndipo wowaikira kumbuyo ankatha kukwera nawo. Kulemba kuti "ali bwino" inali ntchito yachidule kwambiri. Koma m'kabati mwake munali kope lakuda ndi thukuta la manja ambiri.

Kopelo linali ndi zimene anapeza Dokotala Alinafe Msukwa, mayi wa ku Wenya amene ankafufuza matenda a shuga pa yunivesite ina kunja kwa dziko. Buku losindikizidwa linafika limodzi lokha ku Boma, ndiye azachipatala ankalikopera pamanja, n'kumapatsirana panjinga. Mayiyo analemba kuti shuga akakhalitsa m'magazi amawononga timitsempha ta mu ubongo, munthu n'kuyamba kuiwala. Anaphunzitsanso kapimidwe kosalira makina.

"Adada, mundisungire mawu atatu awa," anatero Rodwell. "Mchere, mbuzi, khasu."

"Yewo. Mchere, mbuzi, khasu. Zophweka izi!"

Mankhwala opimira mkodzo anali atatha, choncho a Bessie anatengera amuna awo kuseri kuti akataye madzi pamwala wafulati. Rodwell anapatsa a Lucius mpando, nayamba kuwafunsa za mvula ndi mawere. Patapita kanthawi onse anazungulira kuseriko. Mwala unali bii ndi nyerere.

"Nyerere sizitsata mchere, a wapampando. Ameneyo ndi shuga," anatero Rodwell. Kenaka anatembenukira kwa wodwalayo. "Adada, mawu anga aja?"

A Esau anakanda kumutu, naseka mwaulemu. Kenaka anayang'anitsitsa a Lucius.

"Pepani, kodi inu ndinu mwana wa ndani?"

A Lucius anadzidzimuka. A Esau omwewa ndiwo anawapalira chitseko cha nyumba yawo chaka chimene ankakwatira.

Rodwell anatsegula kope, nawerenga ndime yonena za shuga ndi kuiwala uku akumasulira. A Lucius anamvetsera mpaka pamene anamva dzina la wolemba.

"Msukwa? Mwana wa a Msukwa a ku Wenya? Kamtsikana kaja kankadutsa pano wapansi popita kusukulu?"

"Yemweyo. Lero madokotala a maiko akutali akamalemba za shuga ndi ubongo amayamba atchula kaye dzina lake."

A Lucius anatukula chifuwa ngati mwanayo anabereka ndi iwo. Anayang'ana kope, nayang'ana a Esau, kenaka anakonza kolala ya malaya.

"Mphepo ya kumapiri a Mafinga ndi yoipa chomene," anatero. "Khadi lija linaulukira pamoto lokha, ine ndinaona. Amama, tengani adada mukawaphikire."

A Bessie anagwada, nawomba m'manja. "Yewo chomene, yewo!" Rodwell anawalangiza za zakudya, nawaperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera mtima wake unali mbee, moti anayamba kuimba kamluzu.

Anapeza a Lucius akadali pakhonde, chipewa chili m'manja. Mawu aukulu aja anali atatha.

"Adokotala, amama wane ondibereka... Dzulo anandiyalira mphasa ngati mlendo, n'kundifunsa kumene ndachokera. Ine ndinawakalipira. Ndimayesa akundichitira dala."

"Mubwere nawo Lachinayi m'mawa, asanadye kanthu."

"Miyendo inatupa, sangafike."

Rodwell anayang'ana njinga yake yotsamira pakhoma, tayala lakumbuyo litaphwa.

"Mundibwereke pampu," anatero. "Ndibwera ndine."