Botolo la mufiriji

Botolo lija linafika Lolemba m'mawa, litakulungidwa m'thawulo ngati khanda. Analibweretsa ndi mlamu wake wa mayi wa m'labu, ndipo mayiyo atangoligwira, zala zinachita dzanzi.

"Alamu, munalisunga pati?"

"Mufiriji, m'mwamba muja moumitsira nyama. Anesi anati lisatenthedwe. Ndinachita kuchotsamo zonse kuti likhale lokha."

Anayankha monyadira, bambo wa anthu. Mayiyo anangoti zikomo.

Anali madzi a m'chifuwa mwa mng'ono wake, mkazi wa mlamuyo, amene anawapopa Lachisanu labu atatseka kale. Adokotala anali atanenetsa kuti mankhwala a khansa sayamba labu isanatsimikize. Akakhala matenda wamba, mankhwala ake ndi ena.

Ntchitoyi mayiyo ankatha kuigwira atatsinzina. Anasungunula madziwo, kuwazungulitsa pamakina, kupaka nsenga zake pa tigalasi. Anativiika musipiriti, kenako mu utoto wabuluu, waolenji, wobiriwira. Utoto ukalowa bwino, maselo a khansa sabisala: timaso ta pakati pake timada bii, tikulutikulu, tokhotakhota, pamene abwinobwino amaoneka ofanana.

Koma pa maikulosikopu panali matope okhaokha. Madzi akaundana, maselo amaphulika. Anapaka galasi lina, linanso, mpaka nsenga zinatha. Anayesa ngakhale utoto wodula uja umene umagwira khansa yokha. Ugwira chiyani pa zinyenyeswazi? Ha! Zaka zonsezi kuyezera anthu osawadziwa, lero mwana wa mayi ake enieni, maso ali tong'o koma osaona kanthu. Anakhoma chitseko nalira.

"Tipopenso chiyani, mayi?" anatero adokotala pafoni. "Tinachotsa onse. Tidikire adzadzenso."

Kuwodi anapeza mng'ono wake atakhala tsonga, akupesa tsitsi. Mwamuna wake ankamusendera lalanje.

"Asisi, zatuluka?"

"Sizinaoneke bwino. Pafunika madzi ena."

"Ena ati? Atha! Taonani, ndikupuma ngati munthu tsopano." Anaseka mpaka chipeso kugwa.

Mlamu anasiya kusenda. "Kapena sanazizire mokwanira? Magetsi anathimapo pang'ono Loweruka."

"Ayi alamu, munasunga bwino."

Mayi wa m'labu anakhala m'mphepete mwa bedi, nalandira chipeso kuti amalizitse. Mpweya wa mng'ono wake unkalowa ndi kutuluka mosavuta, koyamba chiyambire kudwala. Iye ankapesa, mumtima akupempha Mulungu kuti chifuwacho chidzadze msanga.