Basi ya Pakhonde

Mwanayo ankamutchula kuti Bwana, ndipo dzinalo linkamukhaladi. Anali ndi zaka zitatu, koma pakamwa pake pankangotuluka "mama" ndi "iyayi". Akafuna madzi ankaloza ndowa, kapu n'kufika. Akafuna kunyamulidwa ankakweza manja. Omutumikira analipo okwanira: mayi ake, omwe ankasoka zovala pabalaza, bambo ake, oyendetsa lole, ndi azakhali ake, mlongo wawo wa bambowo, omwe ankagulitsa m'sitolo ya nsapato.

Mayiwo nkhawa inkawadya. Anapita naye kuchipatala, adokotala n'kumuunika m'makutu, n'kumuuza kuti atole mpira pansi. Bwana anatola.

"Akumva bwinobwino uyu," anatero adokotalawo. "Amasewera ndi ana anzake?"

Mayiwo anati ayi, kumene ankakhalako khomo linayang'ana msewu wa magalimoto.

Chaka chomwecho anasamukira m'nyumba ina, ya makomo angapo oyang'ana bwalo limodzi. Ana a pabwalopo anali ndi basi yawo pakhonde la aneba: benchi lalitali, zidebe ziwiri zovundikira zomwe zinali chitseko, ndi chivundikiro cha poto chomwe chinali chiwongolero. Wolamula zonse anali kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, koguluka mano akutsogolo, komwe ngakhale mayi ake ankakaitana kuti Kondakitala.

M'mawa wina Kondakitala anaodira pakhomo.

"Amayi, tikupemphako tinsalu tomwe mumataya. Matikiti atithera."

Mayiwo anamudzazira m'manja. Kamtsikanako kanasuzumira kuseri kwa makina, kumene Bwana anakhala akuyamwa chala.

"Nanga uyu sakwera basi?"

Bwana anadzuka yekha n'kumulondola. Atafika pa zidebe zija, Kondakitala anatchinga ndi mkono.

"Mukupita kuti, bambo?"

Bwana analoza benchi.

"Umenewo ndi mpando, si malo. Mukupita kuti?"

Bwana anakweza manja kuti amunyamule. Kondakitala anapukusa mutu.

"Basi ino sinyamula anthu osadziwa kopita. Dalaivala, tiyeni."

Dalaivala analiza injini ndi milomo, okwera n'kuyamba kugwedezeka, Bwana n'kutsala pansi akulira mokweza. Mayi ake anakankha mpando kuti atuluke, koma azakhali, omwe tsikulo sanapite kuntchito, anawagwira dzanja.

"Mlamu, takhalani pansi."

"Ndikhale pansi mwana akumuchita nkhanza?"

"Nkhanza zake ziti? Amufunsa funso. Ife m'nyumba muno tinamufunsapo chiyani? Akangotukula chala, tonse timathamanga ngati kwapsa nyumba."

Mayiwo anakhala, koma msoko wa diresi yomwe ankasokayo unapita mokhota, mpaka anachita kuumasula. Bwana anabwera n'kubisa nkhope pamiyendo pawo. Anamusisita msana.

Kutacha, Bwana anali kale pakhomo kudikira basi. Anamukanizanso. Ulendo uno sanalire nthawi yaitali. Anaima pambali pa chidebe, chala m'kamwa, kumvetsera anzake. Wina ankati akupita kumsika, wina kuchipatala kukabayitsa chidole. Kamnyamata kena kanati kakupita kumwezi, Kondakitala n'kukapatsa matikiti awiri chifukwa kumeneko n'kutali. Mayiwo anasunthira makina awo pawindo. Ankasoka diso limodzi lili panja, ndipo nthawi zina ankaona milomo ya mwana wawo ikugwedera payokha.

Zinapitirira choncho mpaka masana ena, bambo ake atabwera kuulendo n'kugona m'chipinda. Bwana anafika pa zidebe zija, Kondakitala n'kutchinga monga mwa masiku onse.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Kwa ababa."

"Kwa ababa kuti?"

Bwana anaganiza, nkhope itachita makwinya. "Kulole."

"Kwerani. Inu amayi, senderani, apa pakhale munthu."

Anamupatsa kansalu kofiira, iye n'kukafumbata ndi manja onse awiri. Phazi la mayi ake linaima pachopondera cha makina. Anathamangira kuchipinda n'kugwedeza amuna awo.

"Bambo a Bwana, tadzukani. Mwana wanu wakwera basi, akuti akubwera kwa inu."

Bambowo anatuluka ndi vesiti, tulo tili m'maso. Atamva nkhani yonse anapita pakhondepo n'kuima mwaulemu pa zidebe.

"Mukupita kuti, bambo?" anafunsa Kondakitala, osaseka n'komwe.

"Kumene akupita abwana angawo."

Anawakhazika kumapeto kwa benchi, mawondo atafika pachibwano. Bwana anawatembenukira, n'kuwayang'ana m'manja.

"Tikiti."

"Ndilibe, bwana."

"Tsika."

Azakhali, omwe ankangofika kumene kuchokera kusitolo, anaseka mpaka kutsamira khoma. Bambowo anayamba kuchonderera, koma nthawi yomweyo dalaivala analengeza kuti basi yafa, ikufuna kukankha. Kondakitala anagamula kuti wopanda tikitiyo ndiye akankhe. Anatsika, n'kugwira benchi, n'kumachita ngati akukankha ndi mphamvu zawo zonse, ana akukuwa kuti awonjezere, Bwana akukuwa nawo.

Mayiwo anaonerera kwa kanthawi ali pakhomo. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya tepi yoyezera yomwe inali m'khosi mwawo, n'kubwerera pamakina, poti mwini diresi anati abwera madzulo.