Phini m'Bokosi la Mafiyuzi

Mwamuna wanga Philemon za galimoto amadziwa ziwiri basi, kuyendetsa ndi kupukuta. Ndi kalaliki, manja ake ndi ofewa ngati buledi. Mwana wa makanika ndine. Atate anali ndi galaja ku Kapata, ndipo poti analibe mwana wamwamuna anaphunzitsa ife awiri, ine ndi mng'ono wanga Tamiwe.

Ndiye Loweruka lija, galimoto itayamba kununkha pulasitiki wopsa, hutala nayenso atasiya kulira, palibe anafunsa kuti akonze ndani. Ndinamanga chitenje, n'kumasula waya wa batire, n'kugona chagada kunsi kwa chiwongolero komwe kuli bokosi la mafiyuzi. Philemon anakokera mpando pansi pa mtengo wa mango, ati azindilimbitsa mtima.

"Zinayamba liti zimenezi?" ndinafunsa.

"Tsiku la mwambo wa Ncwala lija, amake Chipo. Pochokera ku Mtenguleni mvula inagwa yoopsa, mawayipa n'kuima. Anandithandiza ndi bambo wina wa m'mbali mwa msewu."

"Munali nokha?"

"Ndekhandekha. Si inu munakana kupita?"

Ndinakanadi. Mutu unkandipweteka tsiku limenelo.

Nditachotsa chivundikiro, vuto linaonekeratu. Pamalo pa fiyuzi ya mawayipa panalibe fiyuzi. Panali phini wakuda wa m'tsitsi, ndipo pulasitiki yense womuzungulira anali atasungunuka. Fiyuzi imapsa kuti mawaya apulumuke, koma phini sapsa, amangowotcha zinzake. Ndinamuzula ndi pulayala n'kumuyang'ana bwinobwino.

Nsonga zake zinali zopalidwa pamwala kuti penti achoke. Anali wopindidwa kawiri, pakati n'kupotokola katatu. Mapindidwe amenewo ndi a atate. Ankati phini wotere sagwa ngakhale msewu ukhale wa mabampu, koma ndi wongokufikitsa kunyumba, ukafika uchotse. Atate anatisiya kale. Otsala odziwa kupinda chonchi tilipo awiri pa Chipata yense, ndipo ine tsiku limenelo ndinali pabedi ndi mutu.

Nsanje inandigwira, sindibisa. Philemon amamutcha Tamiwe mkazi wake wamng'ono, iye n'kumayankha kuti amuna anga. Ndi chilamu, aliyense amaseka, inenso ndakhala ndikuseka zaka zisanu ndi zitatu. Koma pamenepo ndinawaona awiriwo m'maganizo, mvula ikugwa, magalasi otseka, Tamiwe atawerama pomwe ndagona inepa, mutu wake pafupi ndi mawondo a mwamuna wanga, tsitsi litamasuka chifukwa wazula phini. Ndinaluma mlomo mpaka kumva magazi.

Komabe ndinamupatsa mpata. Akanangoti ndinakumana ndi mlamu panjira n'kumutenga, ndikanakalipa pang'ono, nkhani n'kutha.

"Bambo amene anakuthandizaniyo, anali wotani?"

"Wachikulire ndithu. Anali panjinga, atanyamula makala."

"Wa tsitsi lalitali?"

"Ayi, wadazi," anatero mosaphethira n'komwe. "Bwanji?"

"Ndimafuna ndikamuthokoze."

Wadazi woyenda ndi phini wa m'tsitsi! Ndinafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi inatsikira m'makutu, poti ndinali chigonere chagada. Ndinabisa phini m'mphepete mwa chitenje n'kupitiriza ntchito, chifukwa manja anga akakwiya amafuna chogwira. Ndinadula waya wopsa, n'kulumikiza wina, n'kukulunga tepi. Malo osungunukawo ndinawasiya, waya wa mawayipa n'kumusamutsira pamalo ena omwe anali opanda ntchito, n'kuika fiyuzi yatsopano yabuluu. Ya hutala inali itangokhwepa ndi kutentha, ndinaikanikiza. Nditabwezera batire, mawayipa anayamba kuvina, hutala n'kulira mpaka agalu a kwa aneba anauwa.

"Ndinakwatira bwino ine!" anatero Philemon akuwomba m'manja.

Pageti panali patafika Tamiwe, yemwe amabwera Loweruka lililonse kudzaluka tsitsi la Chipo. Anavala diresi lachikasu lomwe ndinamusokera ndekha.

"Asisi, mwauka bwanji? Kodi mwayamba ugalaja m'mawa uno?" Kenako anatembenukira kwa mlamu wake. Lero sananene kuti amuna anga. Anangoti, "Mwauka bwanji, alamu?" Philemon anayankha akuyang'ana matayala.

Ndinapukuta manja pachitenje, n'kutulutsa phini uja, n'kumuika m'dzanja lake.

"Atate ankati ukafika kunyumba uchotse," ndinatero. "Unaiwala."

Ndinkafunitsitsa andifunse kuti ndamupeza kuti, kapena aseke n'kunena kuti si wake. Tamiwe anangofumbata phiniyo n'kuyang'ana pansi.